Momwe mungatsatire basketball ya ACC muli ku Chipata, osafa ndi tulo kapena bundle

Mphwanga wina wa ku Kapata anandifunsa sabata yatha kuti akulu, kodi ma gemu a makoleji aku America amene mumakamba aja mumawaonera nthawi yanji, chifukwa ine ndikatsegula foni ndimapeza atha kale. Ndinaseka chifukwa vuto lake ndi lomwelo ndinali nalo ine poyamba, matimu ambirimbiri, maina a masukulu osadziwika, kenako gemu ikuyamba 02 hours usiku mvula ikugwa pa malata. Ndiye ndati ndilembe pano kamodzi kuti aliyense wondifunsa ndizingomutumizira.

Choyamba muyenera kuvomera kuti simungatsatire zonse. Mu Division I, gawo lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji ku America, muli matimu opitirira 350 a amuna okha, ndipo amagawidwa m'magulu amene amawatcha conference, tingoti ligi, ligi iliyonse ili ndi masukulu ake. Zikuluzikulu ndi Big Ten, SEC, Big 12, Big East ndi ACC. Mukati muziona zonse mudzangosokonezeka mutu mpaka kusiya, sankhani ligi imodzi chabe. Ine ndinasankha ACC, Atlantic Coast Conference, ndipo ndi imene ndikambe pano chifukwa ndi imene ndimaidziwa, komanso nthawi zake zimatikomerako ife a kuno kuposa za kumadzulo kwa dziko lija.

ACC inayamba mu 1953 ku Greensboro, North Carolina, ndipo mtima wake mpaka lero uli komweko ku North Carolina kumene kuli masukulu anayi, Duke, North Carolina imene ambiri amangoti UNC, NC State ndi Wake Forest. Manje ili ndi masukulu 18 kuyambira 2024 pamene California, Stanford ndi SMU analowa. Apa mpamene dzina linasiya kugwirizana ndi mapu, chifukwa Stanford ndi California ali ku gombe la Pacific, mbali ina yeniyeni ya America, koma akusewera mu ligi ya Atlantic. Ndi ndalama za TV zimene zinachita zimenezo, musavutike kufuna nzeru ina. Enawo ndi Virginia, Virginia Tech, Louisville, Syracuse, Clemson, Miami, Florida State, Georgia Tech, Pittsburgh, Notre Dame ndi Boston College.

Mukasankha ligi sankhaninso timu imodzi, ndipo apa ndikuchenjezeni, simungakonde Duke ndi UNC pamodzi. Masukulu awiriwa, wina ku Durham wina ku Chapel Hill, ayandikana kuposa kuchoka mu tauni muno kupita ku boda ya Mwami, onse amavala buluu, Duke buluu wakuda UNC buluu wowala ngati kumwamba, ndipo amadana zenizeni. UNC ili ndi makapu a dziko lonse asanu ndi limodzi, 1957, 1982, 1993, 2005, 2009 ndi 2017, ndipo ya 1982 ija ndi imene Michael Jordan ali mwana wa chaka choyamba anachinya basiketi yomaliza yopambanitsa pomenya Georgetown. Duke ili ndi asanu, 1991, 1992, 2001, 2010 ndi 2015, onse ndi kochi mmodzi Mike Krzyzewski amene anthu anatopa kulemba dzina lake nkumangoti Coach K, anakhala pa Duke kuyambira 1980 mpaka 2022. Holo ya Duke, Cameron Indoor Stadium, imalowa anthu 9,314 chabe, yaing'ono poyerekeza ndi ya UNC imene imapitirira 21,000, ndiye ana a sukulu amamanga matenti panja nkumagona mmenemo masabata angapo m'nyengo yozizira kuti apeze malo pa gemu ya UNC. Ife timadandaula kuima pa mzere wa feteleza tsiku limodzi.

Ine ndine wa Duke, ndisabise. Chinandikoka ndi Luol Deng wa ku South Sudan amene anasewera kumeneko sizoni ya 2003 mpaka 2004, kenako posachedwapa Khaman Maluach, nayenso wa ku South Sudan wokulira ku Uganda, amene anadutsira ku NBA Academy Africa ku Senegal asanapite ku Duke mu 2024. Ngati mulibe chifukwa china chosankhira timu, yang'anani mndandanda wa osewera muone kumene kuli mwana wa ku Africa, zimathandiza kudzuka usiku ukamadziwa kuti ukuchemerera wa kwanu. Virginia pamene inatenga kapu mu 2019 inali ndi Mamadi Diakite wa ku Guinea, ndipo ndi iye anachinya basiketi ya mphindi yomaliza pa gemu ya Purdue imene inawapulumutsa nkupita ku ovataimu, popanda iye kapu ija kukanakhala kulibe.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndi yaikulu kuposa zonse kwa ife. Masukulu ambiri a ACC ali pa nthawi ya kum'mawa kwa America imene amailemba ET, ndipo kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi ife tili patsogolo ndi maola 7. Ndiye mukaona alemba 7 pm ET, wonjezerani 7, ndi 02 hours kwathu, tsiku lotsatira. Apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa, gemu ya Lachiwiri usiku kwawo ndi Lachitatu m'bandakucha kwa ife, ukaika alamu pa tsiku lolakwika umadzuka nkupeza inaseweredwa dzulo. Ya 9 pm ET ndi 04 hours, ndipo imeneyi ine ndimaikonda kuposa ya 02, chifukwa umagona msanga bwinobwino, kudzuka 04, gemu imatenga pafupifupi maola awiri, ikamatha 06 hours madzi osamba ali pamoto tsiku layamba. Ya 02 ija ndi imene imaononga, chifukwa ikatha 04 tulo sitibweranso bwino ndipo ku ntchito umangoyasamula ngati wachokera ku maliro.

Koma mphatso yeniyeni ndi Loweruka. Loweruka kwawo amayamba kusewera masana, 12 pm ET, imene ndi 19 hours kuno, kenako ina 2 pm imene ndi 21 hours, ina 4 pm ndi 23 hours. Kutanthauza kuti mukatha kuona bola ya ku England madzulo, mwadya nsima, mutha kukhala pansi nkuona basketball ngati munthu wabwinobwino osasowa tulo. Ngati ndinu woyamba kumene, yambani ndi ma gemu a Loweruka okha kwa mwezi wathunthu, musadzizunze. Ndipo matimu a ku Pacific aja anatibweretsera kanthu kabwino mosayembekezera, iwo ali kumbuyo ndi maola 10, ndiye gemu ya pakhomo ya Stanford ya 7 pm kwawo ndi 05 hours kwathu, ukuonera ukumwa tiyi.

Musaiwale kuti Lamlungu lachiwiri la Malichi aku America amasuntha mawotchi awo ola limodzi, ife sitisuntha, ndiye kuyambira pamenepo kusiyana kumakhala maola 6 osati 7. Zimagwera pakati penipeni pa nthawi yofunika kwambiri ya sizoni. Chaka china ndinaiwala, ndinadzuka monyada alamu yalira pa nthawi yake, kutsegula foni hafu yoyamba yatha kale. Njira yosavuta ndi kuika app ya ESPN pa foni, musankhe timu yanu, iyo imaonetsa nthawi malinga ndi wotchi ya foni yanu, osawerengetsera pamtima.

Pa zoonera, amene muli ndi dishi yokhala ndi matchanelo a ESPN mumapeza ma gemu ena a makoleji laivi, osati onse, muziona pulogalamu ya sabata. Enafe a bundle, gemu yathunthu ya maola awiri pa foni imadya data kwambiri, ndiye nzeru ndi iyi, tsitsani kwalite ya video ifike 360 kapena 480, pa skrini ya foni sikosa ndi mpira zimaonekabe bwino. Ndipo popeza ma gemu ambiri ndi a usiku, ma bundle a usiku otchipa aja amene ena amagulira kudawunilodira mafilimu ndi anu enieni. Pa YouTube pali tchanelo cha ACC Digital Network chimene chimaika ma highlights ndi ma gemu ofupikitsidwa pakangopita nthawi pang'ono gemu itatha, ndipo kunena zoona pakati pa sabata ine ndimadalira zimenezo. Vuto lake ndi limodzi, kuti ufike pa video osaona sikosa ndi nkhondo, Facebook imakuuza usanafunse, ndiye m'mawa musatsegule china chilichonse, pitani molunjika. Pawa banki ikhale yodzaza kuyambira madzulo, sizoni yonse imagwera nthawi ya mvula ndipo magetsi a kuno mukuwadziwa, amadikira gemu ifike pokoma. Mahedifoni nawonso, pokhapokha ngati mukufuna kufotokozera a m'nyumba chifukwa chimene mukukuwira 03 hours.

Malamulo amasiyana pang'ono ndi amene timasewerera kuno pa makhoti a kusukulu, chifukwa ife timatsata a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi. Kumakoleji a amuna kulibe makota anayi, ndi mahafu awiri a mphindi 20 iliyonse. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 30 kuti iponye, osati 24 ngati FIBA ndi NBA, ligi ya akatswiri ya ku America, nchifukwa chake gemu imaoneka yodekha ndipo sikosa zimakhala za m'ma 60 ndi 70, mukaona timu yafika 90 ndiye kuti tsiku limenelo kunali phwando. Wosewera akachita mafaulo 5 watuluka, ndiye munthu akapanga awiri msanga mu hafu yoyamba makochi ambiri amamukhazika pa benchi mpaka hafu itathe, musadabwe kuti sitala wasowa. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75, chimodzimodzi ndi wa FIBA kuyambira 2019. Osewera awiri a matimu osiyana akagwira mpira pamodzi sajumphira ayi, pali kamuvi pa tebulo la marefa kamene kamaloza timu yotenga mpira, kenako kamatembenuka. Ovataimu ndi mphindi 5.

Lamulo limene muyenera kulimvetsa bwino chifukwa ndi limene limapha matimu kumapeto ndi la mafaulo a timu. Timu ikafika mafaulo 7 mu hafu imodzi, faulo iliyonse wamba imapatsa anzawo chimene amati one and one, munthu amaponya free throw yoyamba, akagoletsa amapatsidwa yachiwiri, akaphonya mpira uli m'bwalo aliyense alimbirane. Ikafika mafaulo 10 ndiye ziwiri zonse mosaona kuti yoyamba yalowa kapena ayi. Ndiye taganizani, kwatsala masekondi 40, timu ikutsogola ndi mapointi awiri, anzawo akuchita faulo dala pa mnyamata wa zaka 18 amene manja akunjenjemera, holo yonse ikukuwa, akaphonya yoyamba ija basi zonse zatembenuka. Ku NBA kulibe zimenezi ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene ine ndimakondera ya makoleji. Komanso pali ma timeout a TV amene amabwera mpira ukaima koloko itatsika pansi pa mphindi 16, 12, 8 ndi 4, mukawadziwa amenewa mumadziwa nthawi yothamangira panja kapena kusonkhezera mbaula.

Sizoni imayenda chonchi. Imayamba kumayambiriro kwa Novembala, pamene kuno tikudikira mvula yobzalira, ndipo miyezi iwiri yoyamba matimu amasewera kwambiri ndi a ligi zina, ena aang'ono ongobwera kudzamenyedwa nkulandira ndalama, ena akuluakulu. Chakumapeto kwa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi ndi ma gemu a mu ligi makamaka, apa mpamene pali nyama. Duke ndi UNC amakumana kawiri, koyamba chakumayambiriro kwa Febuluwale, kachiwiri pa Loweruka lomaliza la sizoni ya ligi kumayambiriro kwa Malichi, ine ndimangokumbukira kuti tikabwera ku Nc'wala ku Mtenguleni ndiye kuti gemu yachiwiri yayandikira. Kenako ACC Tournament, sabata imodzi ya ogonja atuluke, ndipo wopambana amalowa mu mpikisano wa dziko lonse wotchedwa March Madness mosafunsa. Mu 2024 NC State imene palibe amene ankaiwerengera inapambana ma gemu asanu m'masiku asanu otsatizana nkutenga kapu ya ACC, kenako inapitirira mpaka Final Four, matimu anayi omaliza a March Madness, ndi chimunthu chija DJ Burns chonenepa koma mapazi opepuka ngati wovina chimtali.

Pa manambala amene muziona pafupi ndi dzina la timu, aja a 1 mpaka 25 ndi AP Poll, atolankhani amavota Lolemba lililonse, ndi yokoma pokangana koma siimene imasankha olowa mu March Madness. Osankha ndi komiti, ndipo amayang'ana kwambiri kuti wamenya ndani komanso kuti, pogwiritsa ntchito mndandanda wa kompyuta wotchedwa NET. Mukamva akuti Quad 1 akutanthauza ma gemu ovuta kwambiri, kumenya timu ya mu top 30 ya NET pakhomo panu, kapena ya mu top 50 pa bwalo la pakati, kapena ya mu top 75 kwawo. Ndiye timu itha kukhala ndi mawini 22 koma nkusiyidwa chifukwa inamenya ofooka okhaokha, ina ya mawini 19 nkulowa. Musathamangire kunena kuti aba, yambani mwaona Quad 1.

March Madness yeniyeni inafika pa matimu 68 mu 2011. Amalengeza Lamlungu lotchedwa Selection Sunday, kenako ma gemu oyambirira ku Dayton, Ohio kuti atsale 64, amene amagawidwa zigawo zinayi, chigawo chilichonse matimu 16 opatsidwa manambala, 1 wamphamvu kwambiri akumana ndi 16, 2 ndi 15, choncho. Ukaluza kamodzi wapita kunyumba. Lachinayi ndi Lachisanu loyamba kumakhala ma gemu 16 tsiku lililonse ndipo amayamba cha m'ma 18 hours kwathu mpaka m'mawa, masiku awiri amenewo ngati muli ndi tchuthi chosungira ndi pamenepo. Akatsala 16 amati Sweet 16, asanu ndi atatu Elite Eight, anayi Final Four kumayambiriro kwa Epulo chimanga chikuuma m'munda.

Kuti zikome pangani bracket ndi anzanu. Ndi tchati cha mpikisano wonse chimene aliyense amalemba yekha kuti apambana ndani gemu iliyonse mpaka fainolo, musanayambe ma gemu a Lachinayi. Ife pa gulu lathu la WhatsApp tilipo ochepa, aliyense amalemba pa pepala nkujambula kutumiza, raundi yoyamba pointi imodzi, yachiwiri ziwiri, yachitatu zinayi, kumangowirikiza, woluza amagula chimanga chootcha ndi zakumwa. Za kubetcha ndalama ine sindilimbikitsa, awa ndi ana a sukulu, lero asewera ngati akatswiri mawa ngati sanaonepo mpira. Polemba, musasankhe akuluakulu okhaokha, pafupifupi chaka chilichonse timu ya nambala 12 kapena 11 imagwetsa wamkulu, koma musapengenso nkuika ang'onoang'ono mpaka kumapeto, kapu kawirikawiri imapita kwa a nambala 1, 2 kapena 3. Nambala 16 kumenya nambala 1 zinayamba kuchitika mu 2018, ndipo wogwa anali wa ACC yomweyi, Virginia, kumenyedwa 74 kwa 54 ndi kasukulu kotchedwa UMBC, chaka chotsatira Virginia yomweyo nkutenga kapu. Mlongo wanga amene sadziwa ngakhale lamulo limodzi anatiposa tonse chaka china posankha malinga ndi mtundu wa jezi, mpaka lero amatikumbutsa.

Chinthu china chimene chimadabwitsa anthu ozolowera bola ndi choti osewera sakhalitsa, ndiye musakonde munthu kwambiri, kondani jezi. NBA imafuna munthu akhale ndi zaka 19, ndiye akatswiri enieni amabwera chaka chimodzi chabe nkupita, Zion Williamson wa Duke anatero mu 2019, uja nsapato inang'ambika pa gemu ya UNC itangoyamba kumene, Cooper Flagg, nayenso wa Duke, anateronso nkusankhidwa nambala 1 ndi timu ya NBA ya Dallas mu 2025. Pamwamba pa apo kuyambira 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pa dzina lawo, amati NIL, komanso kusamuka sukulu kunaphweka kudzera mu transfer portal, ndiye timu imene mwaiona Malichi pofika Novembala theka ndi nkhope zatsopano. Mwezi wa Okutobala khalani pansi tsiku limodzi muwerenge mndandanda watsopano wa timu yanu, ndani watsala, ndani wachokera kuti, apo ayi gemu yoyamba mudzangoti kodi awa ndani.

Ndipo chonde, gemu ya March Madness musaisiye isanathe. Epulo 2025, Final Four ku San Antonio, Duke ndi Houston, ndinadzuka isanakwane 03 hours, bulangeti pamapewa, foni pa pilo. Duke inali patsogolo ndi mapointi 14 kutatsala mphindi ngati 8, Flagg akusewera bwino, ine nkuti basi yatha iyi, ndigoneko ola limodzi ndisanapite ku tchalitchi, ndinalembanso pa gulu kuti tionana pa fainolo. Kudzuka ndapeza mameseji opitirira makumi awiri, woyamba wa mnzanga wa UNC wa ku Mchini amene analibe ngakhale timu mu Final Four, wangotumiza sikosa, Houston 70 Duke 67, ndi funso loti akulu mwagona bwanji.